SPD, SPD-SL kapena Look Keo: mapedulo ogwira nsapato kwa amene akuopa kugwa

Mlamu wanga wakhala akupalasa nafe njinga Loweruka lililonse kuyambira nyengo ya chiperoni. Zitunda za msewu wa ku Chileka amazikwera osapumira, koma nkhani ya mapedulo ogwira nsapato ikangoyambika nkhope yake imasintha. Tsiku lina titaima pa Kameza kuti timwe madzi, anayang'anitsitsa pansi pa nsapato yanga n'kufunsa kuti, "Alamu, ndiye mukufuna ndimangirire mapazi kunjinga? Nanga minibasi ikandidula kutsogolo pa Ginnery Corner, nditsika bwanji?" Mantha amenewa ndi oona, ndipo ine ndimawalemekeza. Mu Blantyre muno wapanjinga amaima kambirimbiri asanakonzekere: kondakitala waona pasinjala, wakabaza watembenuka osayang'ana, dzenje latulukira pamene dzulo panalibe. Choncho posankha ndimayamba ndi funso limodzi: ndi pedulo iti imene imabweza phazi msanga mwini wake akalifuna? Za kupepuka ndi liwiro zimabwera pambuyo.

Pabokosi amalemba kuti clipless, kutanthauza "yopanda chogwira", dzina losokoneza ndithu poti phazi limakhala logwidwa. Dzinali linabwera posiyanitsa ndi mapedulo akale a akatswiri, omwe ankalowetsa zala m'kakhola kachitsulo n'kumanga ndi lamba, moti pofuna kuima ankayamba awerama kumasula lambayo ndi dzanja. Kampani ya Look ya ku France inatulutsa pedulo yopanda khola ndi lamba mu 1984, ndipo Bernard Hinault atapambana nayo mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1985 ena anayamba kutsatira. Shimano ya ku Japan inabweretsa SPD mu 1990, poganizira a njinga za m'mapiri amene amatsika pafupipafupi n'kumayenda pansi. Kagwiridwe kake n'kamodzi: pansi pa nsapato pamamangidwa kanthu kotchedwa cleat, mukaponda kamalowa m'pedulo n'kumveka "kha", mukapotoza chidendene kupita kunja kamatuluka. Phindu limene ine ndimaliona kwambiri n'lakuti phazi silidumpha mukagunda bampu, siliterereka mvula ikanyowetsa soli, ndipo limakhala pamalo amodzimodzi ulendo wonse.

Magulu akulu ndi awiri, malinga ndi kuchuluka kwa mabawuti omangira cleat kunsapato. A mabawuti atatu ndiwo Shimano SPD-SL ndi Look Keo, amene mumawaona pa njinga za mpikisano. Cleat yake ndi ya pulasitiki, yotakata ngati chikhatho cha mwana. Pa ulendo wautali, monga wa ku Zomba kapena pokwera chitunda chochokera ku Chikwawa, ubwino wake umamveka: phazi siligwedera, ndipo soli yolimba ya nsapato zake imagawa mphamvu paphazi lonse. Zimenezo sindikutsutsa. Koma kwa munthu wamantha zovuta zake zimabwera pa nthawi yoipitsitsa. Pedulo imalowetsedwa mbali imodzi yokha, ndiye ponyamuka muyenera kuitembenuza kaye ndi nsonga ya nsapato. Mukaphonya, soli yoterera ija imatsetsereka pamsana pa pedulo. Tayerekezani mwaima pakati pa chitunda cha ku Nyambadwe, galimoto ili kumbuyo kwanu, inu maso ali pansi kusaka pedulo. Komanso cleat imakhala kunja kwa soli, moti mukatsika mumayendera zidendene ngati bakha, ndipo pa matailosi a m'sitolo mutha kuterereka. Amene amakhala kumene phula silinafike, n'kumakankha njinga pamiyala mpaka kumsewu waukulu, pulasitikiyo imawathera msanga.

Ngati munagula kale nsapato za mabowo atatu, samalani ndi mitundu. Mtundu wa cleat umasonyeza mpata umene chidendene chili nawo wogwedezeka chisanatuluke, ndipo mpata umenewu ndi umene umapumitsa mawondo. Kwa Shimano, yachikasu imapereka madigiri 6, yabuluu 2, yofiira siipereka mpata konse. Kwa Look yofiira ndiyo yomasuka kwambiri, madigiri 9, yotuwa 4.5, yakuda 0. Munthu akangotuma m'bale wake wa ku Johannesburg kuti "mundigulire zofiira", atha kulandira zosiyana kotheratu ndi zimene amafuna. Woyamba atenge yachikasu ya Shimano kapena yotuwa ya Look, ndipo asazisakanize: cleat ya Keo si ya pedulo ya SPD-SL, ngakhale zonse zili za mabawuti atatu.

A mabawuti awiri ndiwo SPD. Cleat yake ndi kachitsulo kakang'ono kobisika m'kati mwa soli, moti mumayenda ngati mwavala nsapato wamba, kumangomveka kaphokoso pang'ono pamiyala. Chitsulocho chimakhalitsa. Matope ofiira a dzinja, amene amatseka cleat ya pulasitiki mukangoponda pansi kamodzi, SPD imawapirira bwinoko. Kumenyetsa nsapato papedulo kawiri katatu kumakwanira. Ena amati SPD siikhala pa njinga ya mpikisano. Ine pa yanga ndinaika yomweyo, ndipo ku Thyolo ndimafika limodzi ndi anzanga.

Tsono nkhani yagona apa, ndipo ambiri amagula osauzidwa. Mwa ma cleat a SPD, odziwika kwambiri ndi awiri ooneka ngati ofanana. SM-SH51 ndi yakuda, ndipo imatuluka pokhapokha chidendene chikapotozedwa mopingasa. SM-SH56 ndi yowala ngati siliva, ili ndi chilembo cha M, ndipo imatulukanso mukakoka chidendene cham'mwamba mopendekera. Taganizirani zimene thupi limachita likadzidzimuka. Munthu woti galimoto yamudula kutsogolo sakumbukira zopotoza chidendene. Amangosolola phazi m'mwamba ndi kumbali, monga wakhala akuchitira chiyambireni kupalasa ali mwana. Pamenepo SH51 imakaniza, SH56 imalola. Kuipa kwake n'kwakuti mukadzayamba kuimirira pamapedulo n'kumakoka mwamphamvu pachitunda, kapena kudumpha miyala cha ku Michiru, nthawi zina imatuluka musanafune. Tsiku limenelo likadzafika mudzangosintha cleat, pedulo n'kukhala yomweyo.

Chinanso ndi sipuling'i, imene imalimbitsa kapena kufewetsa kagwiridwe ka pedulo. Kumbuyo kwa chogwirira cleat kuli kabawuti kolowa Allen key, nthawi zambiri ya 3 mm, pambali pake pali zizindikiro + ndi −. Katembenuzireni ku − mpaka pafupi ndi kumapeto, kuti phazi lizituluka mosavuta. Pa mapedulo ogwira mbali zonse timabawutiti tilipo tinayi, tiwiri papedulo iliyonse. Ambiri amamasula tiwiri n'kuiwala tinato, kenako n'kumadabwa kuti apa phazi latuluka mosavuta, apo lakana.

Mwa mapedulo a SPD, awiri ndi amene ndinamuikira mlamu wanga patebulo. PD-M520 imagwira mbali zonse ziwiri: mungoponda osayang'ana, yalowa. Ndi yolimba, mtengo wake ndi wotsikirapo, koma kawirikawiri imabwera ndi SH51, ndiye SH56 muyenera kugula padera. Ndi nsapato wamba imasautsa, chifukwa popondapo ndi paching'ono. PD-EH500 ili ndi chogwirira mbali imodzi, mbali inayo ndi yafulati yokhala ndi timano, ndipo imene tinagula inabwera ndi SH56 m'bokosi momwemo. Ena amaidandaula kuti ponyamuka phazi limapeza mbali imene simumafuna. Zoona, zimachitika. Koma mbali imeneyo ndi malo oti mutha kupondapo n'kupalasa bwinobwino, n'kudzalowetsa phazi mukafika potakasuka. Izi ndi zimene zinandigwira mtima. Mukalowa m'piringupiringu wa ku Limbe madzulo mumatulutsa mapazi onse n'kupalasira mbali yafulati; mukatulukira mumsewu wa Midima mumalowetsanso. Wokhala ndi njinga imodzi, yopitira kuntchito Lolemba ndi yolimbitsira thupi Loweruka, safunikanso kusinthasintha mapedulo. Kwa wamantha ine ndimasankha EH500. M520 ndimasiyira amene mtima unakhazikika kale, kapena amene njinga yake imangoyenda m'fumbi.

Pedulo ina yotchedwa Crankbrothers Eggbeater imalowetsedwa mbali zinayi ndipo matope saivutitsa, koma ilibe kabawuti kofewetsera sipuling'i, ndipo cleat yake yamkuwa imadyeka msanga. M'gulu lathu ambiri ali ndi SPD, choncho kanthu kakasowa mnzako amakhala nako. Kuno kumene zipangizo zotere timachita kuitanitsa kunja, chimenecho n'chachikulu.

Ine ndinagwapo kamodzi, ndipo vuto silinali mtundu wa pedulo. Ndinamanga cleat usiku mothamanga, osalimbitsa, bawuti imodzi n'kugwera panjira ine osadziwa. Nditafika pa Clock Tower ndinapotoza chidendene, nsapato inazungulira, koma cleat inatsalira m'pedulo. Ndinagwera kumanzere, chigongono n'kusupuka. Bambo wina wodutsa anandigwirira njinga akuti, "Pepani achimwene, dzukani pang'onopang'ono," ndipo ndinachita kuvula nsapato n'kuisiya ikulendewera papedulo. Kuyambira pamenepo mabawuti a cleat ndimawapaka girizi pang'ono, ndimawalimbitsa bwino ndi Allen key ya 4 mm, ndipo ndimawaonanso pakatha maulendo awiri oyamba. Cleat ikhale pansi pa fupa lotukuka la chala chachikulu kapena kumbuyo kwake pang'ono, phazi liziloza mmene limalozera mukamayenda. Bondo likayamba kuwawa musapirire, yambani mwaona ngati cleat sinakhale mokhota.

Nsapato zotere nthawi zina zimapezeka pa kaunjika. Itembenuzeni muone pansi: timipata tiwiri titalititali pakati pa soli ndiye ya SPD, mabowo atatu okhala ngati mafuwa ndiye ya SPD-SL kapena Look. Onaninso kuti kachitsulo kam'kati kolandira mabawuti sikanadyeke ndi dzimbiri. Pomanga mapedulo kumbukirani kuti yakumanzere, yolembedwa L, imamangidwa mobwerera. Wokonza njinga aliyense wa mumsika amazidziwa zimenezi, ndiye ngati mukukayika mupitireni musanaononge mazinga.

Mlamu wanga anayamba atatsamira khoma lakunyumba, kulowetsa ndi kutulutsa phazi lililonse mpaka kutopa, kenako tinapita pabwalo la mpira pamene pali kapinga. Ndinamuuza kuti azitulutsa lakumanzere nthawi zonse. Kuno timayenda kumanzere, ndiye phazi limenelo limatera m'mbali mwa msewu, kutali ndi matayala a magalimoto, kungosamala ngalande basi. Azitulutsa akadali patali ndi poimira, njinga isanathe liwiro, n'kupepukitsa giya kuti ponyamuka pasavute. Loweruka lapitali anapalasira mbali yafulati mpaka titadutsa Chirimba, n'kulowetsa mapazi onse awiri msewu utatakasuka. Pobwerera anatulutsa lakumanzere pa Kameza wina asanamukumbutse. Titafika kunyumba anandipatsa Allen key n'kunena kuti, "Alamu, lakumanjali likumatuluka lokha pachitunda, tandilimbitsireniko pang'ono."