Gattaca kapena Minority Report: muyambe ndi iti?

Ngati muli ndi madzulo amodzi okha, ndipo mukufuna filimu yoti mukaonera mutsutsane mpaka tiyi kuzizira, ine ndimaika awiri patebulo: Gattaca ya 1997 ndi Minority Report ya 2002. Onse ndi a sayansi yongopeka, ndipo onse amakhudza nkhani zimene olemba ndale a ku America otsamira kumanja amazikonda: boma lisalowerere m'zonse, moyo wa munthu ndi wopatulika, aliyense asenze katundu wake.

Minority Report, ya Steven Spielberg, ndi yosavuta kuikonda. Tili ku Washington m'chaka cha 2054, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi palibe waphedwa, chifukwa alosi atatu ogonekedwa m'madzi amaona kupha kusanachitike. Apolisi amakugwira mpeni usanaugwiritse ntchito. Tom Cruise ndi mkulu wa apolisiwo mpaka tsiku limene dzina lake lomwe lituluka. Pali pamene timaloboti tonga akangaude timalowa pansi pa zitseko, khomo ndi khomo, n'kumaunika maso a aliyense. Banja lina likukangana, lingoima kaye, liunikidwe, kenako mkangano upitirire. Anthu anazolowera. Ife amene tinamva za Jack Mapanje, yemwe anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaimbidwa mlandu, phunziroli sitifuna wotimasulira.

Koma filimuyi imawapweteka a kumanja mbali imodzi. Inatuluka patangopita miyezi boma la George W. Bush litakhazikitsa Patriot Act, lamulo lowonjezera mphamvu za boma zofufuza anthu polimbana ndi uchigawenga, mu 2001, ndiye wokonda ufulu ndi wokonda chitetezo, omwe ali chipani chimodzi, amayang'anizana. Chondikhumudwitsa n'chakuti kumapeto imathawa funso. Zikupezeka kuti mwini pulogalamuyo ndi wakupha, basi zonse n'kutsekedwa. Nanga akanakhala munthu wolungama, makinawo osaphonya, tikanavomera kumanga munthu wosalakwa?

Gattaca, ya Andrew Niccol, ndi yodekha, ena amagona nayo. Magazini ya National Review inaiika pa mndandanda wake wa mafilimu abwino a kumanja mu 2009, ndipo chifukwa chake chikuoneka. Vincent, yemwe akuseweredwa ndi Ethan Hawke, anabadwa mwachibadwa pamene ana ena amasankhidwa ku labotale asanaikidwe m'mimba. Atangobadwa, kadontho ka magazi kakuti mtima wake ndi wofooka ndipo sadzapitirira kwenikweni zaka 30. Bambo ake mpaka akumumana dzina lawo, kusungira mng'ono wake wosankhidwayo. Iye akufuna kupita ku Titan, mwezi wa Saturn, koma ntchito imene akumupatsa ndi yokolopa.

Choncho akudzitcha Jerome, mnzake wosankhidwa ku labotale, kuti alembedwe ntchito yopita kumlengalenga. M'mawa uliwonse amadzikhula thupi kuti khungu lakufa lisagwere ku ofesi, amamatira magazi a mnzake Jerome kunsonga kwa chala, mkodzo wa Jerome m'kathumba pantchafu. Nsidze imodzi yokha yotsala m'khonde ikutsala pang'ono kumuwonongera zonse.

Apa ndi pamene Gattaca imapambanira. Mulibe wolamulira wankhanza woti timuloze chala. Lamulo limaletsa tsankholo, koma makampani amayezabe malovu a pa envelopu. Makolo amasankha okha, mwachikondi, pofunira mwana zabwino. Atsikana amapita ndi tsitsi la chibwenzi kukayezetsa. Wa kumanja amene akuombera m'manja za kupatulika kwa mwana wosabadwa ayeneranso kuyankha kuti msika waufulu womwewo ndi umene wamutsekera Vincent chitseko. Wa kumanzere nayenso sapulumuka, poti zonsezi zayambira pa ufulu wosankha.

Kwa achinyamata kapena anthu otopa ndi ntchito, ikani Minority Report, ili ndi liwiro ndipo palibe adzasinze. Ngati pali makolo, aphunzitsi kapena olemba anthu ntchito, ikani Gattaca, ndipo muimitse pamene dokotala akuuza makolo a Vincent kuti mwana wachiwiriyo adzakhala wawo ndithu, kungoti wochotsedwa zofooka. Afunseni amene akanakana akweze dzanja.