Ma Blu-ray atatu a anime a 2011: nyenyezi 4 mwa 5

Ndinagula ma anime (makatuni a ku Japan) atatu a chaka cha 2011 kwa wogulitsa wina wa ku Britain amene amagulitsa ma disiki oti ena anawonera kale, tinene kuti kaunjika wa mafilimu. Ndinasankha Steins;Gate, Puella Magi Madoka Magica ndi Anohana. Ndalama yotumizira kuno inkaposa mtengo wa ma disikiwo, ndiye ndinawatumiza kwa mlamu wanga amene amakhala ku Leeds, iye n'kudzandinyamulira m'sutikesi pobwera kudzadya Khirisimasi. Tsopano ndamaliza kuwonera zonse, ina kawiri, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Ndiyambe ndi chimene chikhoza kukudyerani ndalama pachabe. Ma Blu-ray amagawidwa m'zigawo zitatu za dziko. Chigawo A ndi cha America ndi Japan yemwe, chigawo B ndi cha Europe, Africa ndi Australia. Ndiye disiki ya ku Britain imaseweredwa bwinobwino pa puleya ya kuno kwathu, pomwe ya ku America ikhoza kungokuyang'anani. Pa ma DVD nkhani yake ndi ina: Britain ndi South Africa ali m'chigawo 2, ife tili m'chigawo 5. Ine ndikuwonera pa PlayStation 4 yakale yomwe inachokera ku Johannesburg ndipo palibe disiki imene inakana. Musanalipire, pemphani wogulitsa akujambulireni kumbuyo kwa chikuto, chilembocho chimakhala pamenepo.

Katunduyo anafika ali bwino koma osati monga analembera. Wogulitsa anati zonse zili ngati zatsopano. Kabokosi ka Steins;Gate kanali kosweka pomwe disiki imakhazikika, moti disiki imodzi inkangogubuduka m'katimo ulendo wonse, n'kukalika mzere woyera kuchokera pakati mpaka m'mphepete. Pa gawo la 14 chithunzi chimaima kwa kanthawi kenako n'kudumpha. Ndinapukuta ndi kansalu kopukutira magalasi, kuchokera pakati kupita kunja monga amanenera, zinachepako koma sizinathe. Ndinamulembera uthenga, anapepesa n'kundibwezera kagawo ka ndalama patapita masabata awiri. Nyenyezi imene ndachotsa yathera pamenepa.

Ma anime amenewa ndinawaona koyamba mu 2012 ndili pakoleji, pa laputopu ya mnzanga yomwe batire yake inkangokhala mphindi makumi awiri magetsi akathima. Tinkapatsana pa flashi, mafayilo ang'onoang'ono oti munthu akathamanga pa sikirini nkhope imasanduka timabokosi. Kwa ife kuno 2011 chinali chaka cha mizere ya mafuta ndi zionetsero za pa 20 July, za Japan tinkangomva kuti kwagwa chivomerezi ndi tsunami pa 11 March. Sindinkadziwa kuti chivomerezi chomwecho chinaimitsa Madoka itatsala magawo awiri kuti ithe, moti anthu a ku Japan anadikira mpaka kumapeto kwa April kuti aone mathero. Ife tinangodina gawo la 11 titamaliza la 10, osadziwa kuti eni ake anakhala mwezi wathunthu mtima uli m'mwamba.

Madoka ndi imene yapindula kwambiri pa Blu-ray. Ndi magawo 12 okha, opangidwa ndi situdiyo ya Shaft, wotsogolera ndi Akiyuki Shinbo, nkhani analemba ndi Gen Urobuchi. Malo omwe atsikana amamenyana ndi afiti anajambulidwa ngati timapepala todulidwa ndi sizasi n'kumatidwa pamodzi: mabatani, thonje, masiwiti, timasizasi touluka, zilembo zachilendo pamakoma. Pa laputopu ija zonsezi zinkangooneka ngati phala la mitundumitundu. Tsopano ndikuona kachinthu kalikonse payekha, mpaka ndinkaimitsa chithunzi n'kuyandikira pa TV ngati ndikusankha nyemba. Shaft ili ndi chizolowezi chokonzanso zojambula isanatulutse ma disiki, ndipo apa anawonjezera zambiri kumbuyo kwa zithunzi, monga mipanda ndi zipinda, zomwe pa wailesi ya kanema zinali zopanda kanthu. Nyimbo za Yuki Kajiura nazo zimafuna sipika yabwino. Pa timasipika ta TV zimamveka zopyapyala, koma nditalumikiza sabuwufa, mayi a kunyumba anatuluka kukhitchini kudzafunsa ngati ndatsegula kwaya.

Chenjezo kwa makolo anzanga. Chikuto cha Madoka ndi cha pinki, atsikana a maso akuluakulu atavala madiresi a maliboni, pambali pali kanyama koyera kooneka ngati mphaka. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 8, anachitola patebulo n'kunena kuti, "Adadi, iyi ndi yanga eti?" Ndinachita kumulanda. Aliyense amene anafika pa gawo lachitatu akudziwa chifukwa chake. Kanyamako, Kyubey, ndi wakatapila weniweni. Amabwera kwa mtsikana wa zaka 14 ali pamavuto, n'kumuuza kuti apemphe chilichonse chimene mtima wake ukufuna, iye adzachita, bola asainirane pangano. Sanama ayi. Amangosiya osanena za chiwongoladzanja, ndipo ukamufunsa pambuyo pake amati sunafunse. Mu 2012 ndinkamuda ngati chilombo cha m'nthano. Pano ndagwirapo ntchito, ndasainapo mapepala a ngongole osawerenga timalemba ta pansi, ndipo kamawu kake kaulemu kaja kakundiopsa kuposa kale.

Steins;Gate ndiyo ndinagulira zonsezi, zinazo zinangokwera nawo. Ndi magawo 24 a situdiyo ya White Fox, ochokera pa gemu ya 2009, ndipo m'bokosi langa muli gawo lina lowonjezera lomwe anthu a m'nkhaniyi amapita ku Los Angeles. Gawo limenelo n'losangalatsa koma mukalisiya simutaya kanthu. Nkhani imachitikira ku Akihabara, dera la Tokyo lodzaza ndi mashopu a zamagetsi, m'chilimwe cha 2010. Okabe Rintaro ndi mnyamata wa kuyunivesite amene amavala jasi yoyera ya mulabu, amadzitcha wasayansi wamisala, n'kumalankhula pa foni yozimitsa ngati pali gulu lachinsinsi lomwe likumusaka. Labu yakeyo ndi kachipinda ka lendi pamwamba pa shopu ya ma TV akale a chimimba. Iye ndi anzake amalumikiza foni ku mayikulowevu, akaikamo nthochi zimatuluka zitasanduka phala lobiriwira, kenako amazindikira kuti chipangizocho chimatumiza meseji kumasiku a m'mbuyo. Kameseji kake n'kakafupi kwambiri, zilembo 36 basi, koma n'kokwanira kusintha moyo wa munthu.

Anthu ambiri amadandaula kuti theka loyamba limayenda pang'onopang'ono, ndipo nanenso kale ndinkatero. Mnzanga wa laputopu uja anachita kundikakamiza kuti ndisasiye. Ulendo uno maganizo anga asintha. Podziwa zimene zikubwera pa gawo la 12, magawo oyambawo ndi amene akupweteka. Anthu akungokhala m'kachipinda kotentha, akumwa Dr Pepper, akukangana za pudini ya mufiriji, Mayuri, mtsikana mnzake wa Okabe, akusoka zovala zake pakona n'kumapereka moni wake wa kanyimbo uja. Aliyense akupempha kutumiza kameseji kamodzi kokonza chinthu chimodzi chimene chinamupweteka, ndipo Okabe akuvomera ngati masewera. Wotchi ya m'thumba ya Mayuri itaima, ndinadzuka kukamwa madzi ngakhale ndinalibe ludzu.

Kuchokera pamenepo Okabe amabwerera mobwerezabwereza ku maola omwewo kuti apulumutse Mayuri ku imfa, n'kumalephera m'njira yatsopano ulendo uliwonse. Mamoru Miyano, amene amalankhula mawu a Okabe m'Chijapanizi, amasintha mawu pang'onopang'ono: kuseka kwa matama kuja kumanka kukuphwa mpaka kumangotsala mawu a munthu wotopa. Disikiyi ili ndi mawu a Chingerezi omwe, ndipo J. Michael Tatum, amene amalankhula mawu a Okabe m'Chingerezi, anayesetsa ndithu, moti amene maso amawawa powerenga mawu a m'munsi sangadandaule. Ine ndinabwerera ku Chijapanizi pa gawo lachiwiri. Chimodzi chimene Blu-ray siyingakonze n'chakuti nkhaniyi inajambulidwa motuwa dala, kuwala koyera ngati dzuwa la mu October masana, ndiye musayembekezere mitundu yowala ngati ya Madoka. Poyamba ndinkaganiza kuti TV yanga yayamba kufa.

Chimene sindinachione ndili mnyamata ndi ichi. Ndinaonera Madoka ndi Steins;Gate motsatizana, sabata imodzi, ndipo pa gawo la 10 la Madoka ndinazindikira kuti Homura akuchita zomwezo zimene Okabe akuchita. Mtsikana wamanyazi wa magalasi ndi tsitsi loluka amabwerera ku mwezi womwewo kambirimbiri kuti apulumutse mnzake mmodzi, mpaka mtima wake kuuma, mnzakeyo osamudziwanso. Madoka inatha mu April 2011, Steins;Gate inayamba mu April momwemo, masitudiyo osiyana. Kenako Anohana, yomwe inayambanso mu April, imafunsa za anthu amene alibe makina obwerera m'mbuyo, mnzawo anamwalira basi ndipo iwo anatsala. Munthu akhoza kuganiza kuti ndi chivomerezi chija chinawalembetsa nkhani za maliro, koma ayi, zonsezi zinali zitakonzedwa kale chisanachitike. Zinangokumana ndi chaka chake.

Anohana ndi yaifupi, magawo 11, ya A-1 Pictures, yolembedwa ndi Mari Okada. Ana asanu ndi mmodzi ankasewera limodzi m'kanyumba kawo ka m'nkhalango ku Chichibu, tauni yeniyeni ya m'chigawo cha Saitama, ndipo mlatho umene umaonekaoneka m'nkhaniyi ulipodi. Mmodzi, Menma, anagwera mumtsinje n'kufa. Patapita zaka, otsalawo sakulankhulananso, wina anasiya sukulu n'kudzitsekera m'nyumba, ndipo ndi kwa ameneyo kumene Menma amaonekera, akuti ali ndi chimene akufuna chichitike koma waiwala kuti n'chiyani. Mwa zitatuzi iyi ndi imene ndayipeza ndi zofooka. Kukuwa ndi kulira kumachuluka kumapeto, aliyense akuulula zakukhosi nthawi imodzi ngati pa bwalo la mfumu, ndipo za kuti uyu amakonda uyu amene amakonda uja zinanditopetsa. Bokosi langali lili ndi Chijapanizi chokha ndi mawu a Chingerezi m'munsi, oyera, moti pa zithunzi zowala amavuta kuwerenga.

Komabe munthu amene anandigwira ulendo uno si ana aja, ndi mayi ake a Menma. Amaikabe chakudya patsogolo pa chithunzi cha mwana wawo, ndipo anzake a malemuyo akabwera kudzacheza amawalandira mwaulemu koma m'maso muli mkwiyo, chifukwa awa akukula, wawo anaima pomwepo. Mu 2012 ndinkawaona ngati mayi ovuta. Pano ndili ndi mwana wa msinkhu womwewo amene amakonda kusewera kudambo. Pa chibisalirano cha gawo lomaliza mayi a kunyumba anandipeza ndikupukuta m'maso ndi kolala ya shati. "Bambo, mukulirira katuni?" Ndinati ndi utsi wa mbaula. Iwo anangoyang'ana mbaula yomwe inali panja, yozima, n'kukhala pampando. Mawa lake anandiuza kuti ndiyambirenso gawo loyamba, ndipo tinaonera limodzi yonse masiku atatu.

Ena andifunsa kuti bwanji osangowonera pa intaneti. Bando ya magawo 47 pa chithunzi chabwino chonchi si yamasewera, ndipo netiweki ya kwathu kuno ikafika 7 koloko madzulo imayenda ngati kamba. Chinanso, nkhani zakale zimachotsedwa pa masevisi owonerapo ziphaso zikatha, lero ilipo mawa palibe. Disiki ili pashelefu, ikangopewa ana ndi fumbi.

Chaka chimenechi chinali ndi zambiri zoti thumba langa silikanakwanitsa. Hunter x Hunter ya Madhouse inayamba mu October 2011 n'kudzatha mu 2014 ndi magawo 148, ndiye mabokosi ake ndi ochuluka moti mlamu wanga akanasiya nsapato zake ku Leeds. Fate/Zero ya ufotable inayambanso mwezi womwewo. Imene ndikuyisakasaka tsopano ndi Nichijou ya Kyoto Animation, yomwe mphunzitsi wamkulu amagwetsana ndi gwape pabwalo la sukulu, chifukwa pambuyo pa zitatuzi pakhomo pano pakufunika kuseka, komanso imeneyo mwana akhoza kukhala nafe pampando. Wogulitsa yemweyu ali nayo, ndipo ndamuuza kale kuti ulendo uno ma disiki awachotse m'kabokosi awakulunge paokha.