Chida cha build chija patatha miyezi: chimathamanga, koma mayina a masiteji ake ndi msampha

Bilu ya chaka ya chida chathu cha build yafika sabata ino, ndipo mnzathu wina wa ku Dedza amene amagwira ntchito ku Midrand wakhala akundifunsa ngati nawonso alembetse. Achimwene, yankho lanu ndi ili, pa WhatsApp silikanakwana.

Ndife kagulu kakang'ono ku Randburg, timalemba mapulogalamu a Java. Chidachi, chimene chimasandutsa code yathu kukhala pulogalamu n'kuiyesa (ntchito imene timaitcha build), tinagula kwa kampani ina yakonkuno ku Johannesburg. Pansi pake chimangoyendetsa Maven, pulogalamu yodziwika yochitira build ya Java, iwo anangovekapo mabatani ndi masiteji awoawo.

Pa liwiro ndilibe nacho chifukwa. Magetsi akathima ku ofesi build siiima, poti imayenda pa makina awo. Ikalephera uthenga umafika pa foni nthawi yomweyo.

Chimene chanditopetsa ndi mayina. Maven si yachilendo, inatuluka mu 2004, ndipo magawo ake aliyense wa Java amawadziwa pamtima: validate, compile, test, package, verify, install, deploy. Ukaitana gawo limodzi, onse a m'mbuyo mwake amayenda kaye. Ngakhale mayina amenewa amapusitsa obwera kumene, chifukwa install imangokopera jar, fayilo ya pulogalamu yomalizidwa, mu foda ya .m2 pa kompyuta yako, ndipo deploy imaitumiza ku repository, nkhokwe yosungira mafayilo oterewa, osati ku seva ya makasitomala. Koma zimenezi zinalembedwa poyera, munthu ukawerenga umamva. A kampani ija anaona kuti n'zochepa. M'buku lawo la malangizo muli masiteji anayi okhala ndi mayina okoma, ndipo palibe tsamba lonena kuti siteji yakuti imaitana gawo liti la Maven.

Imene inatipweteka ndi siteji yotchedwa Full Test. Dzina lotere ukaliona umagona tulo. Inkabiriwira tsiku lililonse, kusonyeza kuti zonse zadutsa. Kenako kasitomala wina anaimba m'mawa kuti ma invoice akutuluka opanda VAT, 15% ija osaoneka. Mtsikana amene timagwira naye anati sizingatheke, chifukwa test ya zimenezo anailemba yekha. Anayendetsa mvn verify pa laputopu yake, build n'kufiira pomwepo. Pa chida chathu cholipira, code yomweyo, zobiriwira.

Tinakumba mu log, momwe mumalembedwa zonse zimene build yachita, mpaka tinapeza mzere umodzi waung'ono: Full Test inkayendetsa mvn integration-test basi. Amene amagwiritsa ntchito Failsafe, pulagini ya Maven yoyendetsa ma test, akudziwa kale mathero ake. Pulagini imeneyi imayendetsa ma test pa gawo la integration-test, n'kusunga zotsatira mu fayilo, koma siigwetsa build pamenepo. Imadikira verify, ndipo imachita dala, kuti post-integration-test ipeze mpata wozimitsa database ndi seva zoyeserera. Ndiye ma test athu ankalephera ndithu, koma wowerenga zotsatirazo kunalibe. Zili ngati mwana kulemba mayeso teremu yonse aphunzitsi osachonga, kunyumba n'kumanena kuti wakhoza. Nanga verify anaiika kuti? Mu siteji ina yotchedwa Quality, imene bukulo limati ndi yosankha, yoonera kalembedwe ka code. Ife tinaizimitsa kalekale pofuna kupulumutsa mamineti, chifukwa amatilipiritsa pa mineti.

Tsiku limenelo mukanandifunsa, achimwene, ndikanati thawani.

Ndinawalembera a kampani ija. Woyamba kuyankha ananditumizira tsamba lomwelo lomwe ndinkadandaula nalo. Wachiwiri, mnyamata waulemu ndithu, anavomera pa foni kuti dzinalo n'losocheretsa, koma anati kulisintha kungaphwanye ma pipeline, ndondomeko za build, a makasitomala akale. Zimenezo ndikuzimva, dzina likalowa m'mafayilo a anthu silichoka wamba. Koma ine sindinapemphe kuti asinthe dzina. Ndinapempha katebulo kamodzi m'bukumo: siteji iyi, lamulo lake ili. Gradle, chida china cha build, ili ndi magawo atatu okha, initialization, configuration ndi execution, ndipo malangizo ake amafotokoza chimene chimachitika pa lililonse. Mpaka lero katebuloko kulibe. Tinalemba tokha mu README yathu, fayilo ya malangizo ya pulojekiti, aliyense wobwera kumene amayambira pamenepo.

Mtima utatsika ndinaona kuti chidacho sichoipa. Chiyatsireni Quality sitinakumanenso ndi zoterezi. Kungoti mamineti akwera, bilu nayo yakwera, ndipo ndalama imene ankatiuza potigulitsa inali yowerengera popanda siteji imeneyo. Nditawakumbutsa anatichotserako mwezi umodzi, atatiyendetsa maimelo ambirimbiri.

Ndiye tilembetsanso, koma mwezi ndi mwezi, za chaka ayi, uku tikuyesera Jenkins, chida china choyendetsa ma build, pa kompyuta yakale ya mu ofesi. Inu mukapita kukakambirana nawo, muwauze akuonetseni log ya siteji iliyonse, ndipo mtengo akuwerengereni Quality ili yoyaka, pa pepala, musanasaine.