Desmos Scientific Calculator: ndaigwiritsa ntchito miyezi itatu

Kalikuleta yanga inafa semesita ili pakati, sikilini inayamba kuonetsa manambala odukaduka moti 8 ndi 0 osasiyanitsika, ndipo ndalama yogulira ina panthawiyo panalibe. Mnzanga wa mkalasi ndi amene anandiuza kuti ingotsitsa Desmos pa foni, ndi yaulere. Ndinatsitsa ya Scientific ija ndipo mpaka pano ndi imene ndikugwiritsa ntchito pa ma assignment ambiri a masamu.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi choti samu imaoneka mmene ilili m'buku. Fulakishoni ikukhala ndi nambala yapamwamba ndi yapansi, square root ikuphimba zonse zimene zili mkati mwake, power ikukhala kamwamba. Izi musazione zazing'ono ayi. Pa kalikuleta yakale ija ndinaluzapo mamalikisi kangapo chifukwa cha mabulaketi, mwachitsanzo (3+√17)/4 yankho ndi 1.78 koma ukangoiwala bulaketi imakupatsa 4.03 iwe nkulemba osadziwa kanthu, pamene pa Desmos ukuona ndi maso ako kuti 4 ali pansi pa zonse kapena ayi, ndiye ukalakwitsa umazindikira pompo. Yankho limabwera ukulemba, ndipo mizere yam'mbuyo imakhalabe pomwepo, ukasintha nambala imodzi pamwamba zonse zodalira nambalayo zikusinthanso zokha. Ine ndimalemba a=9.81 kamodzi kenako nkumangoika a paliponse.

Ku gawo la mabatani lolembedwa func kuli sin, cos, tan ndi ma inverse ake, ln, log, mean, stdev, nPr ndi nCr. Za probability zija ndimangolemba nCr(10,3) 120 yatuluka basi. Palinso kabatani kosinthira decimal kukhala fulakishoni.

Chenjerani ndi RAD ndi DEG, posankhira ngati ma angle akuyezedwa mu ma radian (RAD) kapena mu ma degree (DEG). Tsiku lina ndinaika pa RAD ndikupanga calculus, mawa lake nkuyamba trigonometry osabweza, sin 30 ikundipatsa -0.988 mmalo mwa 0.5. Ndinabwereza funso lonse katatu mtima ukuwawa ndisanaone kuti vuto ndi ine ndemwe. Panopa ndimayang'ana kaye pamenepo ndisanalembe chilichonse.

Nkhani ya bandulo musadandaule, app ukaitsitsa imagwira ngakhale neti palibe, ya pa browser ndi imene imafuna intaneti. Kungoti magetsi akazima foni nkutha moto ndiye kuti kalikuletanso yapita, zinandichitikirapo usiku assignment ikufunika mmawa.

Dziwaninso kuti siionetsa masitepe, imangopereka yankho, ndiye working yonse ndi yako ndipo aphunzitsi amachonga working yomweyo. Ma graph, ma integral ndi ma derivative ndimapangira pa Graphing Calculator yawo, ma matrix nawonso ali ndi kalikuleta yake payokha, zonse zaulere koma umafunika kumasinthasintha.

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndasunga chifukwa m'chipinda cha mayeso foni salola, ndipo zala zikazolowera sikilini mabatani enieni umachedwa nawo. Amene muli ndi ana a Fomu 4 aziyeserera pa Desmos kunyumba koma kalikuleta ya m'manja muwagulirebe MSCE isanafike. Inenso ndikusunga pang'onopang'ono kuti mwezi wamawa ndigule Casio fx-991 ndiyambe kuizolowera mayeso asanayandikire.