Watercolour, acrylic kapena oil: penti uti amajambula bwino madzi?

Ambiri akayamba kujambula nyanja amathamangira penti wabuluu, n'kupaka chinsalu chonse, kenako n'kumadabwa kuti chatuluka ndi khoma osati madzi. Imani pagombe ku Senga Bay muyang'ane pamapazi panu. Mukuona mchenga ndi timiyala ta pansi, choncho madzi apafupi ndi achikasu kapena obiriwirako. Kwezani maso: akutaliwo sakuonetsaninso pansi, akungobweza thambo, ndipo mafunde ake akuchepa ndi kuthinana. Penti aliyense mwa atatuwa amathana ndi zimenezi mwa njira yake, koma si onse amene amakhululuka mukalakwitsa.

Watercolour, penti wosungunula ndi madzi wopaka papepala, ndiye mphunzitsi wouma mtima. Woyera wake ndi pepala lomwelo, ndiye pamene pakunyezimira dzuwa muyenera kupasiya osapaka kuyambira pachiyambi. Mukaiwala n'kupakapo, kwatha, chifukwa penti ameneyu amaonetsa za pansi pake. Koma nanga ubwino wake! Nyowetsani pepala ndi madzi oyera, mudonthezepo buluu ndi wobiriwira pang'ono, muone mitunduyo ikulowana yokha. Kuti mupeze kuthwanima kwa masana, finyani burashi itsale pang'ono kuuma, muikoke mwachangu chopingasa papepala lokhakhala. Timalo timene penti walumpha ndito kuwalako. Akauma amatuwa, choncho pakani moderako kuposa mmene mukufunira. Kabokosi ka penti ka ana asukulu n'kokwanira poyambira. Ndalama zimathera papepala, pakuti la m'kope limakwinyika likangonyowa, ndipo lofunika ndi lokhuthala la 300 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala). M'kutentha kwa mu Okutobala pepala limauma musanamalize mzere, ndiye jambulani m'mamawa kapena pamthunzi.

Acrylic, penti wosungunula ndi madzi amene akauma amakhala ngati pulasitiki, ndi wa anthu ofuna kugulitsa, ndipo sindikunena monyoza. Amamata pansalu ndi pathabwa, amauma m'mphindi zochepa, akauma saopa madzi, ndipo chithunzi mungathe kuchipinda ngati mkeka mlendo n'kuika m'chikwama. Mukalakwitsa mumangodikira pang'ono n'kupakanso pamwamba. Pa mafunde a mwera, aja amaletsa asodzi kulowa m'nyanja nyengo yozizira, palibe womuposa: yambani ndi mtundu wakuda wa m'mimba mwa funde, bwerani ndi wowalako pamsana pake, thovu loyera likhale lomaliza. Ndipo thovulo musaliyeretse lonse, mbali yake yamthunzi ikhale yotuwa mwabuluu.

Pamene amavutira ndi panyanja yabata, pamene mtundu umasintha pang'onopang'ono kuchokera pagombe mpaka kokumana ndi thambo. Musanasakanize mitundu iwiri, woyamba uja wauma kale, n'kutsala mzere woonekera. Ena amathana nazo powaza timadzi ndi kabotolo kopopera ndi kufinyira penti pansalu yonyowa. Dziwaninso kuti iyeyu akauma amaderako, mosiyana ndi watercolour, ndipo burashi mukaisiya osatsuka, muiiwale. Kuuma msanga sikutanthauza kuti ntchito yake ndi yachangu. David Hockney, wojambula wa ku England, anajambula chithunzi cha dziwe losambiramo chotchedwa A Bigger Splash mu 1967 ndi acrylic, ndipo kuthovoka kwa madzi kokhako, chinthu chimene chimatha m'kuphethira kwa diso, kunamutengera pafupifupi masabata awiri ndi timaburashi tating'ono.

Oil, penti wamafuta, amatenga masiku kuti aume, nthawi zina masabata, ndipo mphamvu yake ili pomwepo. Chithunzithunzi cha bwato m'madzi odekha chimatheka mosavuta: kokerani mitundu ya bwatolo pansi choimirira, kenako mudutsepo mopepuka chopingasa ndi burashi yofewa youma. Kumbukirani kuti chinthu chakuda chimaoneka chotuwako m'madzi, pamene choyera chimaderako. Nyali za asodzi a usipa usiku, kuwala kwake kutatambalala pamadzi akuda, ndi oil amene amazitulutsa mozama. Claude Monet, wojambula wa ku France, anajambula maluwa a padziwe lake kwawo ku Giverny pafupifupi ka 250 ndi penti ameneyu. Koma mtengo wake ndi wowawa, fungo la turpentine, mankhwala osungunulira pentiyu, m'chipinda chogona n'losapiririka, fumbi la m'chilimwe limamatirira pachithunzi chosauma, ndipo yesani kukwera nacho minibasi muone zovala za anzanu.

Za chojambula, musadikire ulendo wa ku Mangochi. Madzi a Shire nyengo ya dzinja ndi ofiirira ndi matope, mulibe buluu ndi pang'ono pomwe, ndipo amaphunzitsa zambiri kuposa nyanja ya pa kalendala. Chithaphwi cha pamsewu mvula itakata chimabweza nyumba ndi mawaya a magetsi. Madzi a pamjigo akugwera m'ndowa ali ndi thovu, madontho ndi timafunde, zonse pamalo amodzi. Ngakhale beseni pakhonde, mutaponyamo mwala ndi supuni, likuonetsani mmene madzi amapindira zinthu. Chithunzi cha pafoni chimathandiza kuimitsa funde kuti muone kapangidwe kake, koma chimadetsa mithunzi mopitirira, ndiye mitundu itengeni ndi maso anu.

Ine wongoyamba kumene ndimamuuza kuti agule watercolour ndi mapepala abwino ochepa, awadule tizidutswa ta kukula ngati chikhatho, azijambula madzi omwewo m'mawa, masana ndi madzulo. Pentiyu amakakamiza munthu kudziwa pamene pali kuwala asanagwire burashi, ndipo luso limenelo amapita nalo kwa ena awiriwo. Amene ali ndi oda yoti ituluke Loweruka atenge acrylic. Oil adikire mpaka mutapeza chipinda chopita mphepo, chopanda fumbi, chimene ana salowamo.