San Gimignano Kapena Monteriggioni: Mukakwere Phiri Liti ku Tuscany?

Pakati pa mizinda ya Florence ndi Siena, m'chigawo cha Tuscany ku Italy, pali midzi iwiri yakale yomangidwa pamwamba pa mapiri, San Gimignano ndi Monteriggioni, ndipo mlendo amene ali ndi tsiku limodzi lokha amasowa kuti alowere kuti. Yonse iwiri ili m'kati mwa malinga a miyala, yonse ili pa Via Francigena, njira imene apaulendo wachipembedzo ankadutsamo popita ku Rome, ndipo uliwonse uli ndi nsanja 14. Kufanana kwake n'komweko basi.

San Gimignano unali mudzi wa anthu a chuma. Mabanja amene analemera ndi malonda a vinyo ndi safironi, zokometsera chakudya zodula kwambiri zochokera ku maluwa, ankapikisana pomanga nsanja. Wina akamanga yake, mnzake ankati yanga ipose pamenepo, mpaka akuti zinakwana 72. Yaitali mwa zimene zatsala ndi Torre Grossa, ya mamita 54, yomwe inamalizidwa mu 1311. Anthu amaloledwa kuikwera, koma masitepe ake ndi opitirira 200, choncho a mawondo ovuta aganize kawiri. Mliri wa mu 1348 unapha anthu ambiri kuno, ndipo mu 1353 mudziwu unagonjera Florence. Umphawi umene unatsatira ndi umene unausunga, chifukwa panalibenso wa ndalama zogwetsera nyumba zakale kuti amange zamakono. UNESCO inaulemba pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1990.

Zoona n'zakuti kuno kuli zambiri zoti muone. Tchalitchi cha Collegiata kunja kwake n'chosakopa maso, koma mukalowa mupeza makoma onse atajambulidwa: mbali ina nkhani za Chipangano Chakale, mbali ina moyo wa Yesu, ndipo chakukhomo kuli chiweruzo chomaliza chokhala ndi ziwanda zoopsa ndithu. Aliyense amene anakulira m'tchalitchi azizindikira nkhanizo popanda womufotokozera. Pali bwalo la Piazza della Cisterna lomwe pakati pake pali chitsime, ndiponso mabwinja a linga la Rocca di Montestaffoli, pomwe mumaona nsanja ndi minda ya mpesa osalipira kanthu.

Vuto ndi anthu. Dzuwa likakwera, mabasi a alendo amafika motsatizana, ndipo msewu wa Via San Giovanni umadzaza ngati tsiku la msika. Masitolo ambiri pamenepo amagulitsa zinthu zofanana: zikwama zachikopa, mbale zojambula, mabotolo a vinyo. Madzulo mabasi akachoka mudzi umapuma, ndipo amene wagona komweko ndiye amauona bwino. Kungofika masana n'kubwerera, mudzakumbukira misana ya anthu kuposa nsanja.

Monteriggioni sunamangidwe ndi amalonda koma ndi boma la Siena, pakati pa 1214 ndi 1219, kuti asilikali azilondera njira yochokera kwa adani awo a ku Florence. N'chifukwa chake nsanja zake si za mabanja onyadirana. Zaima pa linga lenilenilo, lomwe kuzungulira kwake ndi mamita pafupifupi 570. Zipata zazikulu n'ziwiri, china choyang'ana ku Rome, china ku Florence, ndipo kuchoka pa china kufika pa chinzake ndi mphindi zochepa. M'kati muli bwalo limodzi, katchalitchi ka Santa Maria Assunta, malo odyera angapo ndi timinda ta azitona. Linga limeneli linapirira nkhondo zaka zoposa 300, koma mu 1554 mkulu wa asilikali ake, Giovannino Zeti, analipereka yekha m'manja mwa adani. Mukalipira pang'ono mumayenda pa timilatho tomwe anaika pamwamba pa khoma. Ola limodzi kapena awiri akukwanirani, ndipo amene anapatula tsiku lonse chifukwa cha mudzi wokhawu adzayamba kuyang'ana wotchi.

Koma pa nkhani yoyenda pansi m'minda, Monteriggioni ndi amene amapambana. Kutsetsereka phiri, ulendo wa makilomita ochepa umakufikitsani ku Abbadia a Isola, nyumba ya amonke yomwe inayamba mu 1001, ndipo njira yake ndi yosavuta ngakhale muli ndi ana. Amphamvu angathe kutsata Via Francigena mpaka ku Siena, makilomita pafupifupi 20, kudutsa m'nkhalango ndi m'minda. Kuchoka ku San Gimignano wapansi kufika ku Monteriggioni ndi makilomita pafupifupi 30; umenewo ndi ulendo wa ozolowera. Minda yozungulira San Gimignano ndi yokongola kuposa, makamaka kwa okonda vinyo woyera wa Vernaccia, yemwe mu 1966 anakhala woyamba ku Italy kulandira chizindikiro cha DOC, chotsimikizira kuti vinyo ndi wochokeradi m'dera lake. Kungoti mafamu ake ndi otalikirana ndipo zitunda n'zambiri, moti popanda galimoto kapena njinga mutopa msanga.

Kafikidwe nakonso kamasiyana. Sitima siifika ku San Gimignano. Mumatsikira ku Poggibonsi n'kukwera basi, ndipo Lamlungu mabasi amachepa. Monteriggioni ali pafupi ndi Siena, makilomita ngati 15, ndipo siteshoni ya sitima ili kumunsi ku Castellina Scalo. Ngati mwabwereka galimoto, isiyeni pa malo oimikapo kunja kwa linga. Chikwangwani cha ZTL chimatanthauza kuti galimoto za alendo siziloledwa, ndipo makamera akakujambulani chindapusa chimakutsatani mpaka kwanu. Anzathu okhala ku Britain amene ali ndi pasipoti ya Malawi asaiwale kuti chilolezo chokhalira kumeneko sichikulowetsani ku Italy, pamafunika viza ya Schengen.

Ndikanati ndisankhire munthu, ndikanafunsa kaye ngati angathe kugona usiku umodzi. Ngati angathe, apite ku San Gimignano, afike chakumadzulo, akwere Torre Grossa m'mawa akangotsegula. Ngati ali ku Siena ndipo ali ndi theka la tsiku lokha, Monteriggioni ndi Abbadia a Isola zimupatsa zambiri kuposa kukankhana pa Via San Giovanni. Mu Julayi ndi Ogasiti kumatentha kwambiri ndipo njira za m'minda zili ndi mithunzi yochepa, choncho oyenda pansi asankhe Meyi, kapena Seputembala pamene akukolola mphesa.