Kiti ya 4/6 yotsitsira Chevrolet C10: kutsogolo n'kophweka, ntchito ili kumbuyo

Kiti imeneyi ndi ya mapikapu a C10 a 1973 mpaka 1987, okoka ndi matayala akumbuyo okha. Dzina loti 4/6 likutanthauza kuti galimoto imatsika pafupifupi mainchesi 4 kutsogolo ndi 6 kumbuyo, kapena kuti masentimita 10 ndi 15. M'katoni mumapezeka ma drop spindle awiri (zitsulo zokhalapo matayala akutsogolo), masipuling'i afupiafupi akutsogolo, zitsulo zotembenuzira difu, ma U-bolt atsopano ndi ma shock anayi. C-notch, chitsulo cholimbitsira pamene mwadula chasisi kuti difu ipeze mpata, ena amaikamo, ena amagulitsa padera, ndipo vuto limayambira pomwepo.

Mbali yakutsogolo njoyamikika. Spindle imakweza pokhala tayala ndi mainchesi 2.5 popanda kusuntha mikono ya sasipenshoni, choncho galimoto imatsika koma kuyenda kwake sikuuma. Sipuling'i yaifupi imangomaliza zotsalazo. Izi sizingafanane ndi kudula kapena kutenthetsa sipuling'i yakale pamoto, komwe kumafooketsa chitsulo n'kusiya galimoto itapendekera mbali imodzi.

Musanaitanitse, yezani kukhuthala kwa disiki ya mabuleki. Ma C10 a zaka zimenezi ali ndi mitundu iwiri, ya inchi imodzi ndi ya 1.25, ndipo spindle ya mtundu wina silowa pa unzake. Ngati muli ndi malimu a mainchesi 15, kungatheke kuti mkati mwa limu mukhuze mlomo wa mkono wapansi mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto. Mumadulako pang'ono mlomowo, osafika pafupi ndi ball joint, polumikizira mkono ndi spindle. Pochotsa sipuling'i yakale, ikani jeke pansi pa mkono, pisani tcheni m'sipuling'imo, kenako tsitsani pang'onopang'ono. Ikafwamphuka imathyola munthu. Ma ball joint okutha asintheni pomwepo, poti mwamasula kale.

Kumbuyo ndiye kofunika kudekha. Galimotoyi inapangidwa difu ili pansi pa masipuling'i. Kitiyi imaikweza kuti ikhale pamwamba pake. Mainchesi 6 aja amachokera pamenepo, koma mpata wa pakati pa difu ndi chasisi umatsala wochepa zedi. Mukaponda kabampu kakang'ono mumamva "gu!" kumbuyo, chitsulo kumenya chitsulo chinzake. Wogulitsa amene akunena kuti C-notch njongowonjezera mwakufuna kwanu sakukuuzani zoona. Chasisi iyenera kudulidwa pamwamba pa difu n'kulimbitsidwa ndi chitsulo chokhuthala, ndipo mabawuti ake onse alowe, osasiyako awiri chifukwa choti pobowola pavuta. Ntchitoyi imayenda bwino mukatsitsa bodi yakumbuyo n'kuchirikiza chasisi kutsogolo ndi kumbuyo kwa podulapo kuti isapindike. Samalaninso ndi moto: thanki ya petulo pa galimoto zimenezi ili kunja kwa chasisi, chapatsogolo pa tayala lakumbuyo, pomwe zothetheka za chodulira zimagwera. Paipi ya mabuleki ndi mawaya zimadutsa mkati mwa chasisi, zisuntheni kaye.

Chinthu china chimene pepala la malangizo limangodutsapo ndi kupendekera kwa difu. Ikasintha malo, mphuno yake siyang'ananso bwino ndi giyabokosi, ndipo propshaft imayamba kunjenjemera pa liwiro linalake, kumamveka mpaka pampando. Yezani kupendekera kwa mbali ziwirizo, kukhale kofanana, ndipo konzani ndi timapuleti tosongoka ta madigiri 2 kapena 4 pansi pa difu. Tachitsulo n'tabwino kuposa ta aluminiyamu, tomwe timatha kusweka. Timeneti mugula nokha.

Ma shock a m'kitimo ndi apakatikati. Kutalika kwake n'koyenera, koma akumbuyo amagona kwambiri ngati simunaike zitsulo zotsitsira pomangira pake, ndipo shock yogona siigwira ntchito mokwanira, kumbuyo kumangodumphadumpha.

Mabawuti a mabushi muwamange galimoto itatera pansi ndi kulemera kwake, osati ili m'mwamba pa jeke, apo ayi labala amapotoka n'kung'ambika msanga. Pitani ku alayimenti tsiku lomwelo, chifukwa sipuling'i yaifupi imapendeketsera matayala mkati ndipo amadyeka mbali imodzi. Nyali zakutsogolo nazo zimafuna kuwongola. Mukayenda makilomita pafupifupi 800, bwerezani kumanga ma U-bolt.

Kwa amene akufuna pikapu yooneka bwino, yokhazikika pokhota, kitiyi ndi yoyenera ndalama zake, bola muwerengeretu mtengo wa C-notch, timapuleti tija ndi alayimenti. Amene amanyamula katundu wolemera kapena kukoka ngolo aiwale za 4/6. Atsitse mainchesi 2 okha kumbuyo ndi ma shackle ataliatali (zitsulo zolumikizira masipuling'i akumbuyo ku chasisi), chasisi aisiye yosadula.